Kubwereza mayeso a bar a ku New York: mafunso ndi mayankho

Zamalamulo ndinaphunzirira kwathu, kenako ndinakachita LLM, digiri yachiwiri ya zamalamulo, ku America, ndipo mayeso a bar a ku New York, amene munthu amayenera kukhoza kuti aloledwe kugwira ntchito ya uloya kumeneko, ndinawalemba kawiri. Ulendo woyamba, mu Julaye, ndinapeza 257 pomwe amafuna 266. Ulendo wachiwiri, mu Febuluwale, ndinakhoza. Chichokereni apo, zotsatira zikangotuluka foni yanga sigona: wina wapatsidwa nambala yanga ndi mlamu wake, wina ndi mnzake wa kutchalitchi, onse mawu ali pansipansi ngati akuulula mlandu. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, ndiye ndawaika pamodzi.

Ndalephera. Ndiyambire pati?

Yambirani pa pepala la zotsatira, ngakhale ndi limene simukufuna kuliona. Ine langa linakhala m'kompyuta masiku asanu osalitsegulanso, ndinangoona mawu oti sindinakhoze basi. Komatu pepalalo ndi mphunzitsi wanu woyamba.

Mayeso a ku New York, kuyambira Julaye 2016, ndi amene amatchedwa UBE, ndipo malikisi ake onse ndi 400. Theka, 200, limachokera ku MBE, mafunso 200 osankha yankho limodzi mwa anayi. Theka linalo ndi zolemba: MEE, nkhani zisanu ndi imodzi za mphindi 30 iliyonse, zimene zimatenga 30 peresenti, ndi MPT, ntchito ziwiri za mphindi 90 iliyonse, zimene zimatenga 20 peresenti. Ndiye 266 ija muziyiganiza ngati 133 uku ndi 133 uko. Simukuyenera kufika 133 mbali zonse, mbali yamphamvu imatha kunyamula inzake, koma mukaona manambala anu awiriwo mudziwa pomwe denga likudontha.

Chinthu china: bungwe loyendetsa mayesowa ku New York, Board of Law Examiners, limalola amene walephera kuitanitsa zimene analemba pa MEE ndi MPT, koma nthawi yoitanitsira ndi yochepa. Itanitsani. Ndipo nthawi yolembetsanso mayeso a Febuluwale imatha msanga zotsatira za Julaye zikangotuluka chakumapeto kwa Okutobala. Lirani ndithu, koma lembetsani kaye.

Ndinatsala ndi malikisi awiri okha. Sangandionereso mapepala anga?

Ayi. Amene agwera pakati pa 262 ndi 265 zolemba zawo zimachongedwanso zotsatira zisanatuluke, ndipo chimene mwalandiracho ndi chomaliza. Palibe apilo.

Enanso amafunsa zosamutsa malikisi, chifukwa zigawo zina monga Minnesota, Alabama ndi Missouri zimalandira 260. Kwa amene ali ndi JD, digiri ya zamalamulo ya ku America komweko, njira imeneyo ilipo. Kwa ife a digiri ya LLB yakunja, chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake a amene chimamuvomereza, ndipo si zonse zimene zimatsegula chitseko ngati New York. Musadalire zimenezo musanawerenge malamulo a chigawocho.

Ndigulenso kosi ya Barbri, Themis kapena Kaplan ndiyambirenso pachiyambi?

Apa ndi pamene ndimakangana ndi anthu. Makosi amenewa, a makampani okonzekeretsa anthu mayeso a bar, anakonzedwera munthu amene akulemba koyamba: mavidiyo ambirimbiri, mabuku onenepa, ndandanda ya masabata pafupifupi khumi. Ulendo woyamba ndinaonera vidiyo iliyonse, ndikudzaza mipata ya m'kabuku mokhulupirika ngati mwana wa kwaya. Kompyuta inkandiuza kuti ndamaliza gawo lalikulu la kosi, mtima n'kukhala pansi. Koma kuonera munthu akupalasa njinga si kudziwa kupalasa. Mayeso safunsa ngati lamulo munalimvapo. Amafuna mulitulutse m'mutu mwanu, mulipake pa nkhani imene simunaionepo, wotchi ikuthamanga.

Ngati kosi yanu ikukupatsani mwayi wobwereza ulere, tengani, chifukwa mabuku ndi mafunso ake akuthandizani. Koma mavidiyo onerani okhawo a mitu imene simunaimvetse n'komwe. Kwa ine inali Civil Procedure ndi gawo la Real Property lokhudza ngongole za nyumba. Nthawi yotsalayo ipite ku kuyankha mafunso, ndipo mafunsowo akhale enieni, ochokera ku NCBE, bungwe la ku Madison m'chigawo cha Wisconsin limene limalemba mayesowa. Limagulitsa mafunso akale a MBE, ndipo makampani a AdaptiBar ndi UWorld nawo amagwiritsa ntchito mafunso otengedwa kumeneko. Mafunso akale a MEE ndi MPT pamodzi ndi mayankho ofotokozera ambiri ali pa intaneti ulere.

Ndiye tsiku lanu linkayenda bwanji?

Ndinali pa ntchito, yoyamba 9 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, choncho ndinayamba molawirira, sabata yoyamba ya Novembala. Kuchokera apo mpaka Lachiwiri lomaliza la Febuluwale ndi masabata pafupifupi 16.

Ndinkadzuka 5 koloko. Tiyi ndinkamuthira mufulasiki usiku kuti m'mawa ndisataye nthawi, foni n'kuisiya m'chipinda china, chifukwa nthawi imeneyo kwathu kumakhala kuli masana, 12 koloko, ndipo mauthenga a pa WhatsApp amakhala atadzaza kale. Ola loyamba linali la MBE: mafunso 33 mu ola limodzi. Nambala imeneyi sindinangoilota. Pa mayeso enieni mumapatsidwa mafunso 100 mu maola atatu, m'mawa ndi masana, kutanthauza mphindi imodzi ndi masekondi 48 pa funso. Mafunso 33 pa ola ndi liwiro lomwelo. Masabata oyamba ndinkachita mafunso 17 okha mu theka la ola, a phunziro limodzi, kenako ndinayamba kusakaniza maphunziro onse asanu ndi awiri, chifukwa pa mayeso funso silibwera litalembedwa pachipumi kuti ine ndine wa Torts.

Ola lachiwiri ndi limene linandikhozetsa. Funso lililonse ndinkalibwerera, ngakhale limene ndakhoza, chifukwa kukhoza kwina kumakhala kongolasa. Ndinali ndi kope la chikuto chofiira, tsamba lililonse ndalicheka pakati ndi mzere. Kumanzere ndinkalemba lamulo limene landigwetsa, m'mawu angaanga, mzere umodzi kapena iwiri. Kumanja ndinkalemba chifukwa chake: sindinkalidziwa lamulolo, ndinkalidziwa koma ndinawerenga mothamanga, kapena ndinasintha yankho lolondola chifukwa cha mantha. Nditatsegula kopeyo lero ndikupezamo zonga izi: kuti khothi la feduro, la boma lalikulu la America, limve mlandu wa anthu a zigawo zosiyana, ndalama zikhale zoposa madola 75,000, yeniyeni 75,000 siikwana. Pambali pake ndinalemba kuti "kachitatu tsopano!" n'kudula mzere pansi mpaka pepala kubooka.

Pa nkhomaliro, mphindi 20, ndinkawerenga kope lomwelo kapena makadi a malamulo, sangweji ili kudzanja lina. Madzulo, nditadya, kuyambira 7 mpaka hafu pasiti 8, inali nthawi ya zolemba: nkhani imodzi ya MEE yolemba yonse, wotchi ili patsogolo, mphindi 30 zikakwana manja m'mwamba ngakhale chiganizo chili pakati. Kenako kuyerekeza ndi yankho la NCBE, ndikuchonga ndi cholembera chofiira lamulo lililonse limene ndalisiya. Theka la ola lomaliza ndinkaloweza malamulo amenewo mokweza mawu, ndikuzungulira m'khitchini. Mnzanga amene tinkachita naye lendi ankati ndikumveka ngati mlaliki wa pa depoti.

Loweruka m'mawa MPT imodzi, masana mafunso 50 kapena kuposa. Lamulungu kutchalitchi, kuchapa, kuphika ndiwo za sabata yonse, kuimbira amayi. Buku osaligwira.

Mukawerengera, ndi maola pafupifupi anayi pa tsiku la ntchito. Si ambiri. Mphamvu yake inali yoti ankabwera tsiku lililonse, nthawi yomweyo, patebulo lomwelo, moti thupi linasiya kufunsa ngati lero tiwerenga.

Nanga ngati sindili pa ntchito, ndiziwerenga maola 12?

Musatero. Maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri ogwira ntchito yeniyeni akwana, atatu m'mawa, atatu masana, monga mayeso enieni amakhalira. Ife tinakula ndi kuchezera usiku mayeso a MSCE atayandikira, miyendo ili m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere. Zinkatheka chifukwa tinkaloweza notsi zokabwezera mawa lake. Kuno mukufunika mutu wakuthwa woti usiyanitse mayankho awiri ofanana ngati mapasa. Mutu wosagona sutha zimenezo.

Ndi maphunziro ati ofunika nthawi yambiri?

MBE ili ndi maphunziro asanu ndi awiri: Civil Procedure, Constitutional Law, Contracts, Criminal Law and Procedure, Evidence, Real Property ndi Torts. Mwa mafunso 200 aja, 175 ndi amene amawerengedwa, 25 pa phunziro lililonse. Otsalawo 25 ndi ongoyesera ndipo simungawazindikire, ndiye yankhani onse ngati enieni. Palibe kudula malikisi mukalakwa, choncho musasiye funso lopanda yankho.

Maphunziro amenewa amabweranso pa MEE, ndiye amalipira kawiri. M'kati mwake muli mitu imene imabwera mowirikiza: negligence (kusasamala) mu Torts, hearsay (umboni wongomva kwa ena) mu Evidence, kapangidwe ka mgwirizano mu Contracts, ufulu wa munthu mu Constitutional Law. Ulendo woyamba ndinataya masiku atatu pa Rule Against Perpetuities, lamulo lovuta la mu Real Property, chifukwa chonyada, ndinkafuna kuligonjetsa. Mafunso ake ndi ochepa kwambiri. Masiku atatuwo akanapita ku hearsay bwenzi mwina nkhani ili ina.

Tengani ndandanda ya maphunziro ya chaka chimene mukulemba, osati ya m'buku la mnzanu wa zaka zapitazo. NCBE inalengeza kuti kuyambira Julaye 2026 MEE sidzafunsanso Family Law, Trusts and Estates, Secured Transactions ndi Conflict of Laws. Palinso mayeso atsopano otchedwa NextGen, oyambira Julaye 2026 m'zigawo zina, ndipo New York inati idzawayamba mu Julaye 2028.

Ndine loya kale kwathu. Zikutheka bwanji kuti ndilephere?

Funso ili limabwera ndi ululu, ndipo ndimaumva. Munthu unaimapo pamaso pa jaji, unavalapo mkanjo wakuda, lero ukugwa mayeso amene mwana wongotuluka kumene ku koleji wakhoza. Koma uloya wathuwo nthawi zina ndi umene umatipinga.

Choyamba ndi kalembedwe. Ife anatiphunzitsa kuyamba ndi mbiri ya lamulo, kutchula mlandu wa Donoghue v Stevenson ndi chaka chake 1932, kuyala maganizo a mbali zonse, kenako n'kufika pa mfundo mwaulemu. Nditalandira zolemba zanga za Julaye ndinachita manyazi ndekha: nkhani yoyamba inali yokongola, ndime zinayi, yoti n'kuisindikiza. Yachisanu ndi chimodzi inali mizere isanu yopanda mathero. Wochonga mayeso a bar ali ndi mulu wa mapepala ndipo akufunafuna zinthu zinayi: vuto ndi liti, lamulo likuti chiyani, likukhudza bwanji zimene zachitika m'nkhaniyi, ndiye mathero ake ndi otani. Mayina a milandu safunika. Mawu oti "because" ndi amene amabweretsa malikisi, chifukwa ndi amene amamangiriza lamulo ku mfundo za nkhaniyo.

Chachiwiri ndi malamulo ofanana nkhope koma osiyana mtima. Tonse ndife ana a common law, malamulo ochokera ku England, n'chifukwa chake New York imatilola kulemba, koma America inapatuka kalekale. Chitsanzo: kwathu, potsata lamulo la ku England, munthu akalonjeza kuti mtengo umene wakupatsa sausintha mpaka tsiku lakuti, akhoza kubweza mawu ake ngati sunamupatse kanthu kogwirira lonjezolo. Ku America, pa malonda a katundu, Article 2 ya UCC, malamulo a zamalonda a kumeneko, imati wamalonda akalemba ndi kusaina lonjezo lotero sangalibweze, mpaka miyezi itatu, ngakhale sanalandire kalikonse. Funso lotere mutu wako wakale umayankha msanga, molimba mtima, n'kulakwa. M'kope langa lofiira ndinali ndi masamba apadera akumapeto olembedwa kuti "kuno si kwathu", ndipo anadzaza.

Chachitatu ndi liwiro la kuwerenga. Chingerezi timachidziwa, koma kuwerenga ndime yodzaza ndi anthu otchedwa "the buyer", "the neighbor", "the neighbor's tenant" mu mphindi imodzi ndi luso lina. Mankhwala ake ndi ola lija la m'mawa, palibenso ena. Chimene chinandithandiza ndi kuyamba kuwerenga chiganizo chomaliza, chimene chili ndi funso lenilenilo, kenako n'kubwerera pamwamba ndikudziwa chimene ndikusaka.

MPT safuna kuloweza. Ndiyenera kuikonzekerabe?

Kwambiri. Werengerani nokha: MPT imodzi ndi 10 peresenti ya mayeso onse, nkhani imodzi ya MEE ndi 5 peresenti. MPT imodzi ikufanana ndi nkhani ziwiri, ndipo malamulo ake onse amakupatsani m'manja. Mumalandira File, momwe muli kalata ya bwana wanu ndi mapepala a mlandu, ndi Library, momwe muli malamulo ndi zigamulo za chigawo chongopeka chotchedwa Franklin. Ntchito yanu ndi kulemba chimene bwanayo wapempha, kaya ndi memo, kalata kwa kasitomala, kapena mfundo zokatsutsira kukhothi.

Kwa ife amene tinagwirapo ntchito ya uloya, apa ndi pamunda pathu. Chimene chimagwetsa anthu ndi nthawi. Mphindi 45 kuwerenga ndi kukonza mitu, mphindi 45 kulemba, ndipo yoyamba ikadya nthawi ya yachiwiri mwadziba nokha. Ulendo woyamba ndinayeseza ziwiri zokha. Wachiwiri ndinachita imodzi Loweruka lililonse, ndipo pofika Febuluwale kalata ya bwana wa ku Franklin ndinkaiwerenga ngati ya munthu amene ndimamudziwa khalidwe lake.

Ndidziwa bwanji kuti zikuyenda?

Lembani malikisi a tsiku lililonse, koma muziwayang'ana pa sabata, osati pa tsiku. Pali masiku amene mungakhoze 24 mwa 33, mawa lake 16, osadziwa chimene chasintha. Mu Disembala, dzuwa likulowa isanakwane 5 koloko, kunja kuli chisanu choluma makutu, ndinakhala masabata awiri manambala osasuntha ndipo ndinatsala pang'ono kusiya. Nditabwerera m'kope ndinapeza kuti zolakwa zambiri sizinalinso za "sindikudziwa lamulo", zinali za "ndinathamanga". Limenelo ndi vuto lina, ndipo mankhwala ake ndi ena: ndinayamba kudula mzere pansi pa masiku ndi ndalama zotchulidwa m'funso.

Kawiri musanalembe, chakumapeto kwa Januwale ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, chitani mayeso athunthu: mafunso 100 m'mawa, kupuma, 100 masana. Kutopa kwa funso la 170 simungakumve mwa kuuzidwa.

Kunyumba ndiwauze chiyani?

Auzeni zoona, kamodzi, mwachidule, ndipo muwauzenso chimene mukufuna kwa iwo. Ine ndinabisa mwezi wathunthu. Amalume ankangoimba kuti "A loya athu a ku America, zatuluka?" ine n'kumati sizinatuluke. Bodza limenelo linkandilemera kuposa mabuku. Tsiku limene ndinawauza amayi anangoti, "Ndiye ulembanso liti?" n'kupitiriza kundiuza za mtengo wa feteleza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kenako ikani malire. Mafoni a kumudzi Lamulungu. Za ndalama zotumiza, nenani poyera kuti miyezi inayi iyi zichepa, chifukwa kwa amene anaphunzira kunja kulembetsa kokha ndi madola 750, osawerengera malo ogona ndi ulendo. Ngati muli pabanja, gwirizanani ndi akunyumba kwanu za ana ndi kuphika musanayambe, osati mkangano utabuka mu Januwale.

Ngati zingakutonthozeni: John F. Kennedy Jr. analephera mayeso omwewa a ku New York kawiri, manyuzipepala akumuseka, n'kudzakhoza kachitatu mu 1990. Kamala Harris analephera a ku California ulendo woyamba. Hillary Clinton analephera a ku Washington, D.C. mu 1973. New York siika malire a maulendo amene munthu angalembe.

Akuti mayeso a Febuluwale ndi ovuta kuposa a Julaye. Ndidikire?

N'zoona kuti mu Febuluwale amakhoza ochepa, koma chifukwa chake ndi choti ambiri olemba nthawi imeneyo ndi obwereza ndiponso ogwira ntchito. Malikisi amawakonza mwa njira yoti 266 ya Febuluwale ifanane kulemera ndi 266 ya Julaye. Ngati munatsala pang'ono, lembani Febuluwale zinthu zikadali m'mutu. Ngati munatsala kutali, kapena muli ndi khanda, maliro, kapena ntchito yosakupatsani mpata, kudikira Julaye si mantha. Choipa ndi kulembetsa n'kukalowa mutakonzekera theka, kuti mwina mwayi.

NYLE ndi MPRE ndilembenso?

Awa ndi mayeso ena awiri amene New York imafuna, NYLE a malamulo a chigawocho, MPRE a khalidwe la maloya. Ngati munakhoza kale, ayi, bola nthawi yake isanathe: NYLE imakhala zaka zitatu, MPRE zaka zinayi. Ngati simunalembe, musaziunjike m'masabata omaliza. NYLE ndi mafunso 50 a pa intaneti ofuna 30, MPRE ndi mafunso 60 ndipo New York imafuna 85 pa sikelo yake. Zonse zikhoza kudikira Febuluwale atadutsa.

Ine ndikubwereza ku ZIALE, sukulu ya uloya ya ku Lusaka, mnzanga ku Malawi Institute of Legal Education. Izi zikutikhudza?

Maphunziro ndi kafunsidwe n'zosiyana, ndiye manambala ndatchulawa asiyeni. Chimene mungatenge ndi kope lofiira, mapepala a mayeso akale, ndi wotchi.

Sabata yomaliza ndichite chiyani?

Chepetsani. Lamulo latsopano lisalowenso. M'mawa mafunso ochepa oti dzanja lisazizire, masana kope lanu kuyambira tsamba loyamba, usiku kugona nthawi imene mudzagone tsiku la mayeso. Ngati mukulemba pa laputopu, yesani pulogalamu ya mayeso masiku akadalipo, ndipo werengani mndandanda wa zololedwa kulowa nazo m'chipinda, chifukwa amakhwimitsa kwambiri ndipo foni siyandikira n'komwe.

Ambiri ochokera kunja kwa chigawo amatumizidwa ku Albany kapena ku Buffalo, ndipo Febuluwale kumeneko ndi chipale chofewa chimene chimatha kuimitsa ndege ndi mabasi. Fikani Lamulungu, osati Lolemba usiku. Lolembalo yendani wapansi kuchokera kogona mpaka pakhomo la holo kuti mudziwe mphindi zake, mugule chakudya cha nkhomaliro cha masiku awiri, chimene mimba yanu imachidziwa. Lachiwiri m'mawa ndi MPT, masana MEE. Mukatuluka mudzapeza anthu pakhomo akufunsana kuti funso lachinayi linali la chiyani. Valani chipewa, dutsani, mawa kuli mafunso 200.